Mphasa Youma ya a Nambewe

Lonjezolo linachitika m'chaka cha 1995, tsiku losesa pa maliro a aphunzitsi a Wilson Mwale, m'mudzi wina kufupi ndi Nambuma. Anthu atabalalika, mkazi wa malemuwo, a Esinati, amene aliyense ankawatchula kuti a Nambewe, anaitanira mwana wawo wamkazi Tisiyenji kuseri kwa nkhokwe. M'manja anali atanyamula buku la nyimbo la amuna awo. Anamuuza kuti masiku khumi ndi awiri amene anadwazika aphunzitsi ku chipatala chachikulu mu tauni, anawerenga timabotolo tisanu ndi tinayi ta mwazi timene anthu ovala zoyera anatenga, ndipo kabotolo kalikonse kakatuluka pakhomo, aphunzitsi ankatsala otuwa kuposa dzulo lake. A Nambewe sankanena kuti magazi. Ankanena kuti mwazi, monga amanenera kutchalitchi.

"Ika dzanja apa," anatero. "Ndikadzadwala, ngakhale pakamwa padzatseke, usadzalole munthu kutenga mwazi wanga. Ndidzapite nawo wonse."

Tisiyenji anali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi. Anaika dzanja pabukulo nalonjeza. Chaka chisanathe anakwera basi ya ku Joni, natchona zaka makumi awiri ndi ziwiri.

Anabwerako mu Okutobala wa 2017 ali ndi imvi zoyamba m'mutu ndi masutikesi awiri, imodzi ya mabuku okhaokha. Mudzi umene ankaulota kunja kuja sanaupeze. Misuku ya kudambo inali itathera m'ng'anjo za njerwa ndi m'zigafa za fodya. Pamene panali mkuyu wopumirapo azimayi pochokera kumunda panali kanyumba kotchajira mafoni. Kutchalitchi kwaya inkathamangitsana ndi kiyibodi yaphokoso, ndipo nyimbo zimene bambo ake ankayambitsa ndi pakamwa pokha zinangotsala za pamaliro. Ana ankamupatsa moni ali chiimire. Mchimwene wake Hopeson, amene anatsala pakhomo ndi mkazi wake Mable, ankamutcha a Matchona, ndipo akamva Chichewa chake ankaseka, amati chikununkha buku.

Chimene sichinasinthe ndi mantha. Pa wailesi pankamveka mphekesera za anamapopa, anthu amene amati amapopa anzawo magazi, ndipo ngakhale zinkanenedwa za kum'mwera, nkhani yotere sidikira basi, imayenda yokha. Obwera kumsika wa Nsaru ankati kwaoneka galimoto yoyera yopanda nambala. Amene anaiona ndi maso ake sankapezeka, koma aliyense anali ndi mlamu amene anaiona.

Sabata yachiwiri Tisiyenji atafika, a Nambewe anabayidwa ndi chitsa pachidendene akusosa m'munda. Hopeson anagula kapisozi pagolosale, namutsegula, nathira ufa wake pabala, namanga ndi kansalu. Patapita masiku anayi mwendo unatupa mpaka pa katumba. Mayiwo anayamba kunjenjemera dzuwa lili paliwombo, nyenje zikulira m'mitengo yotsala, iwo atafunda mabulangete awiri. Hopeson anati ndi malungo basi, palibe chachilendo. Anawapatsa mapiritsi a malungo amene anatsala pa matenda a mwana wake, ndi bufeni wa ululu, awiri m'mawa, awiri masana, awiri madzulo.

Kenaka anayamba kuyankhula ndi pakhomo. Sankabwebweta ayi. Ankayankhula mwaulemu, mawu ali phee, ngati mmene ankalandirira amuna awo pochokera kusukulu. "Lowani, aphunzitsi, musaime padzuwa." Tisiyenji atawafunsa kuti akuona yani, anayankha kuti bambo ake aima pamenepo chiyambire m'mawa, ndipo m'thumba la jekete lawo muli timabotolo tikugundana. Tisiyenji anali atawerenga mabuku ambiri ndipo zotere sankazikhulupirira. Komabe anadzipeza kuti potuluka m'nyumbamo akudutsa cham'mbali, akukhudza mphuthu ya chitseko, ngati pakati paima munthu.

Madzi ankamwa, koma manja ankanjenjemera kwambiri, ndipo sankalola kuwagwirira kapu. Theka linkalowa m'kamwa, theka linkathera pa chitenje.

Lolemba anawakweza pangolo kupita nawo ku chipatala chaching'ono. Hopeson anatsala panja ndi ng'ombe, poti mwamuna salowa kumene akuvula amayi ake. M'katimo munali dokotala wachinyamata, a Chrispin, munthu woleredwa bwino, wogwada ndi mawu omwe. Anayeza kutentha kwa thupi, anagwira pamkono nthawi yaitali, anamasula kansalu kaja nakwinya nkhope. Kenaka anatsitsa mawu.

"Kodi agogowa akutaya madzi?"

Tisiyenji anayang'ana chitenje chonyowa cha amayi ake. "Kwambiri. Tikuchita kuwasintha katatu pa tsiku."

"Bola pamenepo," anatero a Chrispin, nalemba.

Mwana wa sitandade wani akanamva kuti akufunsidwa za kukodza. Koma zaka makumi awiri ndi ziwiri zoyankhula zinenero za eni zinali zitamulanda Tisiyenji mawu amenewo, ndipo iye sanadziwe kuti walandidwa. Anayankha za kapu.

A Chrispin atatenga kasingano koti abaye chala ayeze malungo, a Nambewe anadzuka tsonga pabedipo. Maso anali oyera, amoyo. Anangoti, "Tisi." Tisiyenji anagwira dzanja la dokotalayo namuuza kuti magazi ayi, ngakhale dontho. A Chrispin anachonderera. Anati akukayika kuti awa ndi malungo, akuopa kuti tizilombo ta pabala talowa m'magazi, ndipo matenda otere amathamanga kuposa mmene munthu amaonekera kunja. Anatsuka bala, anapereka mankhwala akumwa, nalemba kalata yoti apite nawo ku chipatala chachikulu tsiku lomwelo, osati mawa.

Hopeson anaitembenuza kalatayo uku ndi uku pangolo paja. "Bambo anapita ndi kalata ngati yomweyi," anatero. "Anabwerako m'bokosi. Ndiye nyengo ino, eti, imene magazi akuchita kusakidwa?" Analozetsa ng'ombe njira ya kumudzi. Tisiyenji sanatsutse. Kunena zoona, mtima wake unapepuka, chifukwa kumudzi kunalibe singano.

Lachiwiri Mable anali ndi nkhani yabwino kumjigo. Ankauza azimayi anzake kuti apongozi ake ndi munthu wa ulemu mpaka pa matenda. Odwala ena amachititsa manyazi, mphasa kuyanika tsiku ndi tsiku, koma ya a Nambewe kunsi kwake n'kouma gwa, ndipo sanapemphepo n'kamodzi komwe kuti awaperekeze kuseri. Azimayi anavomereza kuti anthu akale analeredwa. Tisiyenji anamva, ndipo ananyadira amayi ake.

Lachitatu m'mawa kutentha kunatha. Hopeson anagwira pachipumi pawo naseka. "Mwaona, a Matchona? Malungo atha. Kuno timachira chonchi." Thupi linali lozizira ngati mtsuko. Amvano awiri amene anabwera kudzazonda anatuluka akuthokoza Mulungu, amati a Nambewe abwerera thupi. Ndipo zoona, makwinya onse anali atafufutika. Masaya anali atadzaza, zikope zitatupa pang'ono, nkhope ili see, ngati ya mtsikana wa pa chithunzi cha ukwati wawo chimene chinali pakhoma. Tisiyenji anayang'ana chithunzicho, nayang'ana pamphasa.

Anawerama kuti awapukute kukamwa. Mpweya wawo unali ndi fungo limene iye analidziwa msanga koma anakana kulitchula: fungo la kuseri kwa bafa dzuwa likawomba. Linkachokera m'kamwa. Anakanikiza chala pamsongolo wa mwendo wabwinowo, ndipo atachotsa, kadzenje kanatsala pomwepo ngati pa dothi loumbira mbiya. Anadikira kuti kabwerere. Sikanabwerere.

Anamupeza Hopeson akusanja mitengo ya chigafa.

"Achimwene, ndipatseni kalata ija."

"Mwabwera dzana, lero mukutiphunzitsa kudwazika? Amene tawasunga amayi zaka zonsezi ndife. Inu munkangotumiza mabulangete."

"Ndi zoona. Ndipatseni kalata."

Hopeson analowa m'nyumba nakaisolola patsindwi pamene anaitsomeka. Popereka sanaisiye msanga. Anati za buku la nyimbo lija amazidziwa, amayi anamuuza kalekale, ndipo akakawapopetsa kumeneko, maliro ake adzalire yekha.

Anapeza kagalimoto kamene kanabwera kudzatsitsa feteleza. Anawagoneka kumbuyo pa matiresi, Mable atawagwira mutu, Tisiyenji atawaphimba ndi ambulera. Njira yonse ya fumbi a Nambewe ankapempha woyendetsa kuti achepetse liwiro, aphunzitsi akutsalira.

Anafika cha m'ma thiri koloko masana. Amene anawalandira anali namwino wachikulire, a Dyness, mayi wa ku Msundwe, wamfupi, wa mawu osazungulira. Anayeza kuthamanga kwa magazi kawiri, ngati sanakhulupirire koyamba, naitanitsa dokotala. Akudikira anafunsa.

"Akodza liti komaliza?"

Tisiyenji anadzidzimuka ndi liwulo, kulinena poyera chonchi za munthu wamkulu. Anatembenukira kwa mlamu wake. Mable anazolika, nanena chapansipansi kuti chiyambire Lamulungu m'mawa sanaone kanthu.

"Lamulungu? Lero ndi Lachitatu." A Dyness anatambasula kalata ija. "Nanga apa alemba kuti Lolemba ankataya madzi bwinobwino, mpaka kuwasintha katatu pa tsiku. Ananena zimenezi ndani?"

Apa m'pamene mawu aja anabwerera kwa Tisiyenji, ngati munthu amene wakumana naye panjira n'kumukumbukira atadutsa kale. Anafotokoza za kapu ndi za chitenje. Ankayembekeza kuti namwinoyo aseka, koma sanaseke.

"N'chifukwa chake ine pa funso limeneli ulemu ndinausiya," anatero a Dyness. "Ndimati kukodza, aliyense amve." Anatembenukira kwa Mable. "Mwamva? Ndipo inu mayi, mphasa youma si ulemu. Wodwala akasiya kunyowetsa, thamangani."

Anawalowetsa kapaipi kotulutsira mkodzo. M'thumba lake munagwa tosakwana masupuni atatu, takuda ngati tiyi amene waiwalika pamoto. Dokotala anabwera, naona mwendo, nalamula diripi ndi jakisoni woyamba, nanena kuti magazi apite kokayezedwa msanga. Atachoka, a Dyness anabwera ndi mbale yachitsulo, m'menemo muli timabotolo tinayi.

Tisiyenji anaimirira pakati pa mbaleyo ndi bedi. Anafotokoza zonse, za nkhokwe, za buku, za timabotolo tisanu ndi tinayi ta bambo ake.

A Dyness anaika mbaleyo pansi nakhala pa mpando, ngakhale odwala ena ankadikira. Anamuuza kuti tizilombo ta pabala lija tafalikira m'magazi, ndipo thupi polimbana nato layamba kuwononga ziwalo zake zomwe. Magazi asiya kuyenda mwamphamvu, ndipo zoyamba kumva njala ndi impso, zimene ntchito yake ndi kusefa zoipa kuti zituluke ndi mkodzo. Kuzizira kwa m'mawa kuja sikunali kuchira, linali thupi kugonja. Nkhope yosalalayo ndi madzi osowa potulukira, ndipo fungo la m'kamwa ndi zoipa zimene zinayenera kupita kuseri. Atamva za bufeni wa katatu pa tsiku anapukusa mutu, nati mankhwala amenewo kwa impso zotopa ali ngati kukwapula ng'ombe imene yagwa kale.

Kenaka ananyamula timabotolo kamodzikamodzi. Aka kaonetsa kuchuluka kwa asilikali a m'magazi, ndi chizindikiro china chotchedwa lakiteti, chimene chimakwera ziwalo zikamabanika. Aka kaonetsa kiriyatinini, nyansi imene impso zamoyo zimataya tsiku lililonse. Ikaunjikana, ndiye kuti zaima, ndipo nambala yake imanena kuti zaima motani. M'momwemo muonekanso mchere wina umene ukachuluka umaimitsa mtima mosachenjeza. Tiwiri totsalati n'toti akaone mtundu wa tizilombo, adziwe mankhwala amene tingamve. Tonse pamodzi, anati, sitidzaza ngakhale kapu ya tiyi mpaka theka.

"Kwanu mumalima fodya, eti? Wogula akasolola ndindi imodzi m'belo, waba belo? Akufuna aone zam'kati. Bambo anu sanadwale chifukwa anawatenga magazi kasanu ndi kanayi. Anawatenga kasanu ndi kanayi chifukwa anadwala kwambiri, ndipo madokotala ankafunsa tsiku ndi tsiku kuti zili pati."

Tisiyenji anafunsa ngati sangangowapatsa mankhwala popanda kuyeza.

"Tayamba kale. Koma tamverani. Diripi iyi ikachepa, impso zifa ndi ludzu. Ikachuluka impso zili zotseka, madzi apita m'mapapo, amira ali pabedi. Jakisoni wina amapha tizilombo bwino, koma amamaliza impso zodwala. Popanda magazi ife tikhala tikungolota. Mwina tilota bwino, mwina ayi." Anaimirira. "Iwo sakudziwa kumene ali. Woyankha ndinu. Sindiwabaya musanavomere, koma musachedwe kuganiza."

Ponyamula mbale ija, timabotolo tinagundana.

A Nambewe anatsegula maso. Anayang'ana kumapazi kwa bedi, pamene panalibe munthu, namwetulira ndi nkhope yachitsikana ija. "Mwabwera nato, aphunzitsi." Kenaka mutu unatembenuka pang'onopang'ono mpaka maso anapeza mwana wawo. Zala zotupa zinagwira dzanja lake lamanja, lomwe lija, ndi mphamvu imene munthu wodwala chonchi sayenera kukhala nayo.

"Tisi. Unaika dzanja."

Mable anayamba kulira mosatulutsa mawu. M'wodimo munali phokoso la anthu ambiri, koma Tisiyenji ankangomva madontho a diripi. Anayang'ana thumba la mkodzo lija. Silinawonjezere kanthu. Anamasula zala za amayi ake chimodzichimodzi, anawongola mkono wawo, naupanikiza pa matiresi ndi manja onse awiri.

"Tengani," anatero.

Magazi anatuluka akuda, mochedwa. A Nambewe sanalimbane. Anangomuyang'ana mpaka kabotolo kachinayi kadzaze.

Zotsatira zoyamba zinabwera dzuwa lisanalowe. Kiriyatinini anali atakwera kasanu ndi kawiri kuposa mlingo wa munthu wabwino. Mchere uja unali pamene mtima ukanatha kuima nthawi iliyonse, ngakhale pagalimoto ya feteleza paja. Dokotala anachepetsa diripi pomwepo, anasintha jakisoni amene akanapereka madzulo, anawonjezera mankhwala oteteza mtima, nawasamutsira ku chipinda cha odwala kwambiri. Anauza Tisiyenji mosakalipa kuti akanabwera Lolemba, mwina diripi ndi jakisoni zikanakwana. Tsopano pafunika makina ogwira ntchito ya impso kufikira zitadzuka, ngati zidzuke.

Makinawo Tisiyenji anawaonera pa zenera. Paipi imodzi inkatulutsa magazi m'thupi la amayi ake, ina inkawabweza atasefedwa. Kwa maola angapo mwazi wonse wa a Nambewe unkatuluka, kuzungulira m'chitsulo cha eni, n'kubwerera. Anachita zimenezi katatu. Masiku oyambawo, m'mawa uliwonse a Dyness kapena anzawo ankabwera ndi mbale ija, ndipo masana ankamuuza nambala. Anaphunzira kuidikira ngati mmene alimi amadikirira mitambo. Inatsika, inakweranso, inatsika.

Tsiku lachisanu ndi chinayi thumba lija linayamba kudzaza, madzi ake oyererako. Mable, mkazi amene ankatama mphasa youma kumjigo, analulutira chapansipansi ataweramira thumba la mkodzo, mpaka odwazika anzake anaseka. Hopeson anabwera Loweruka lotsatira atanyamula nthochi. Anaima pakhomo la wodi chipewa chili m'manja, ndipo za maliro sanazitchulenso. Makwinya a amayi awo anali atabwerera onse, ndipo kumapazi kwa bedi sankayankhulako.

Anatuluka patatha masabata anayi. Impso zinadzuka, koma osati zonse monga kale. Dokotala anati khasu alisiye, bufeni asadzamuyandikirenso, ndipo azibwera kudzayezetsa mwezi ndi mwezi.

Akudikira galimoto panja, a Nambewe anakhala pa benchi, nzeru zawo zili zonse. Anakwinya dzanja la bulauzi, natembenuzira mkono ku dzuwa. Anayendetsa chala pa timadontho takuda ta singano, kamodzikamodzi, milomo ikugwedera powerenga. Atamaliza mkono umenewo anayamba winawo. Kenaka anatsitsa manja a bulauzi, nayang'ana kumsewu.

Anawatenga magazi kakhumi ndi kanayi. Tisiyenji, amene anaika dzanja pa buku la nyimbo kuseri kwa nkhokwe, anavomera ulendo uliwonse, ndipo ulendo uliwonse amene ankagwira mkono anali iye.

Phunziro: Bala laling'ono likabwera ndi kunjenjemera, kusokonezeka mutu, kapena wodwala akasiya kukodza, pitani naye kuchipatala tsiku lomwelo. Funso la adokotala likakhala losamveka, funsaninso, ndipo za mkodzo zineneni poyera. Timagazi timene amatenga pokayeza sitichepetsa moyo wa munthu. N'timene timauza adokotala zimene wodwalayo sangathenso kunena.